Tikiti imodzi kuchoka ku Bangwe kukafika ku Chirimba

Blantyre ndi mzinda wa mitu iwiri. Pali tauni, palinso Limbe. Awiriwa anawaphatikiza mu 1956, koma maminibasi mpaka lero sanamve nkhaniyo. Pafupifupi njira iliyonse imakathera pa mutu umodzi mwa iwiriyi: wa ku Bangwe, ku Namiyango kapena ku Chigumula amatsikira ku Limbe, wa ku Chilomoni, ku Mbayani kapena ku Chirimba amatsikira m'tauni. Ndiye nyumba ikakhala mbali ino, ntchito mbali inayo, m'mawa umodzi wokha munthu akwera katatu. Achoke ku Bangwe afike ku Limbe, achoke ku Limbe afike m'tauni, achoke m'tauni afike ku Chirimba, ndipo paliponse apise m'thumba mwatsopano ngati kuti ulendo wayamba kumene. Madzulo ayambirenso.

Amene thumba lake silingapirire amadulako gawo limodzi n'kuyenda wapansi. Mudzadzuke m'ma 5 koloko mukaime pamsewu wochoka ku Ndirande kupita ku mafakitale a ku Makata, kapena wochoka ku Bangwe kulowa m'Limbe, mudzaone chikhamu: alonda akuweruka, antchito a m'nyumba akuthamangira ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa, amayi mabeseni ali pamutu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 800,000 mumzinda muno, osawerengera a ku Lunzu, ku Mpemba, ku Bvumbwe ndi ku Njuli amene amagona kunja kwa malire koma chakudya chawo amachipeza muno. Ambiri mwa amenewa sikuti mtunda ndi umene umawamaliza. Chimawamaliza n'kusintha galimoto.

Mzinda wa Hamburg ku Germany unali ndi nthenda yomweyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Sitima zoyenda pansi pa nthaka zinali ndi mwini wake, sitima za boma mwini wake, mabasi a m'madera ozungulira mwini wake, maboti a pamtsinje wa Elbe nawonso mwini wake, ndipo aliyense anali ndi mtengo wake. Wodutsa mzinda kuchoka uku kukafika uko ankatha kugula matikiti 7. Anthu atayamba kupeza ndalama n'kumagula magalimoto awoawo, makampaniwa anaona mipando ikutsala yopanda anthu. Pa 29 Novembala 1965 anagwirizana zopanga bungwe limodzi, Hamburger Verkehrsverbund kapena HVV, loyamba la mtundu umenewu padziko lonse. Palibe kampani imene inalandidwa basi kapena sitima. Aliyense anatsala ndi katundu wake ndi antchito ake. Zimene anapereka m'manja mwa bungwelo ndi mtengo, tikiti ndi nthawi zonyamukira. Pofika 1967 munthu ankagula tikiti imodzi, kutsika sitima n'kukwera basi, kutsika basi n'kukwera boti, osatulutsanso kanthu. Mpaka lero alendo ongofuna kuona doko amakwera boti lopita ku Finkenwerder pa tikiti yomwe akwerera basi.

Mizinda ina inatengera: Munich mu 1972, chaka cha masewero a Olympics, chigawo cha Rhein-Ruhr mu 1980, Vienna ndi madera oizungulira mu 1984, Zürich mu 1990. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Dera lonse amaligawa m'zigawo, ndipo umalipira malinga ndi zigawo zimene wadutsa. Kuti wakwera magalimoto angati panjira, zimenezo palibe akufunsa.

Ndikayambitsa nkhaniyi pakati pa anzanga, sipatenga nthawi wina asanatchule khadi. Amati ku London kuli Oyster kuyambira 2003, ku Kigali kuli Tap&Go, ku Lagos khadi la Cowry limalipira basi, boti ndi sitima, ndiye ife amene tili kale ndi Airtel Money ndi Mpamba tikudikira chiyani? Ine ndimati khadi ndi chinthu chomaliza pa zonsezi. A ku Hamburg anayamba ndi timapepala. Ndipo a ku Nairobi anayesa kuyambira pa khadi: mu 2013 Google ndi Equity Bank anabweretsa BebaPay m'mamatatu, mu 2015 anaitseka. Makina ankagwira ntchito bwinobwino. Amene sanawafune ndi madalaivala ndi makondakitala, poti ndalama ikapita molunjika kwa mwini galimoto, iwo atsala ndi chiyani?

Tiyeni tilowe m'thumba la kondakitala wa kwathu kuno. Mwini minibasi amafuna tageti yake madzulo, kugwe mvula kusagwe. Mafuta achoke pa ndalama ya tsiku lomwelo. Woitanira pasiteji alandire yake galimoto ikadzadza. Pamsewu pamakhalanso ena oti awaone, inu mukudziwa. Zotsala ndiye malipiro enieni a dalaivala ndi kondakitala, ndipo masiku ena sipatsala kanthu. Mukamvetsa zimenezi, palibe khalidwe la minibasi limene lingakudabwitseni. Imaima pasiteji mpaka itadzadza chifukwa mpando wopanda munthu ndi ndiwo za ana a kondakitala. Imatikhazika anayianayi pomwe lamulo limati atatu. Imathamangitsana ndi inzake pa Highway kulimbirana munthu mmodzi amene waima pa Chichiri. Mtengo umatsika m'ma 10 koloko m'mawa, umakwera nthawi yoweruka, ndipo mitambo ikangoda umakweranso. Mu 2020 boma litachepetsa chiwerengero cha okwera chifukwa cha Covid-19, mitengo inakwera nthawi yomweyo, poti tageti sinadwale nawo. Anthuwa si oipa mtima kuposa ife tonse. Amalipidwa powerenga mitu, ndiye amasaka mitu.

Koma pali kachitidwe kena ka m'minibasi kamene ndimakaganizira kwambiri, kamene tonse timadana nako. Mwakwera ku Limbe madzulo kupita m'tauni, mwalipira yonse. Pofika pa Ginnery Corner mwatsala anayi, ndipo tsidya linalo la msewu anthu obwerera ku Limbe ali mbwee. Dalaivala ndi kondakitala angoyang'anana. Kondakitala atulutsa mutu pawindo, aimitsa minibasi ina.

"Makolo, tatsikani mukwere iyo. Ndakulipirirani kale."

"Aaa, achimwene, mwatigulitsa?"

"Ayi mayi, mufika bwinobwino. Fulumirani."

Ndipo makondakitala awiri aja amaima pambali kwa kamphindi, kukanganirana pang'ono, wina n'kupatsa mnzake timapepala tingapo topindapinda. Nthawi zambiri mumafikadi osalipiranso. Nthawi zina pa Clock Tower pamabuka mkangano, watsopanoyu akuti anangolandira ya anthu atatu.

Taonani bwino zimene zachitika apa. Munthu walipira kamodzi, wakwera magalimoto awiri a eni osiyana, ndipo ndalama yake yagawidwa malinga ndi mtunda umene aliyense wamunyamula. Ntchito yaikulu ya HVV ndi imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno zimachitika pamene zakomera kondakitala, pa mtengo umene awiriwo agwirizana m'mphepete mwa msewu, popanda cholembedwa, ndipo zikasokonekera wolira ndi wokwera. Nzeru yogawana ndalama ya munthu mmodzi tili nayo kale. Chimene tilibe ndi wina woti aisandutse lamulo logwira ntchito tsiku lililonse, mokomera amene walipira.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene mabungwe a kunja aja amathera nthawi yawo yambiri. Njira zogawira zilipo ziwiri. Ina ndi yowerenga okwera: amatumiza anthu m'mabasi ndi m'sitima kukafunsa kuti mwakwerera pati, mukutsikira pati, kapena makina amawerenga, kenako kampani iliyonse imalandira gawo lake. Njira imeneyi mikangano yake siitha, ngakhale ku Germany komweko. Inayo ndi imene amatsata ku Zürich: ndalama yonse ya matikiti imalowa m'thumba la bungwe la ZVV, ndipo bungwelo limalipira kampani iliyonse chifukwa cha ntchito imene anagwirizana, maulendo akutiakuti pa njira yakuti, nthawi zakuti. Mabasi ofiira a ku London nawonso ndi a makampani osiyanasiyana, koma ndalama ya okwera imapita ku Transport for London, ndipo makampani amalipidwa pa mtunda umene ayenda, kuwonjezeredwa akasunga nthawi, kudulidwa akachedwa. N'chifukwa chake mu 2014 anatha kuletsa kulipira ndalama ya pamanja m'basi, ndipo mu 2016 anayambitsa zoti ukatsika basi n'kukwera ina pasanathe ola limodzi usalipirenso. Palibe dalaivala amene analuzapo kanthu. Dalaivala wolipidwa motere amanyamuka nthawi ikakwana ngakhale muli anthu asanu, ndipo alibe chifukwa chopikisana ndi mnzake.

Zili ngati banki mkhonde. Aliyense amaponya m'bokosi limodzi, ndipo gulu limakhalapo pokhapokha ngati aliyense akukhulupirira kuti tsiku logawana bokosilo lidzatsekulidwa onse akuona, makiyi ali ndi anthu osiyana. Msungichuma akangokayikiridwa, gulu latha. Ndiye tangoganizani kuuza bambo amene anagula Hiace yake ndi ndalama ya penshoni kuti kuyambira mawa ndalama ya okwera isamafike m'manja mwa kondakitala wake, izipita ku ofesi ina. Adzakuyankhani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndipo poona mmene ndalama za anthu zakhala zikusowera m'maofesi m'dziko muno, sindingamutsutse.

Ku Johannesburg anakumana nazo zimenezi. Mabasi a Rea Vaya atayamba mu 2009, eni matekisi, omwe ndi maminibasi ngati athu omwewa, anakana mwamphamvu, mpaka mabasi ena anawomberedwa. Chimene chinatsegula njira n'chakuti eni matekisi a m'njira imeneyo anapereka magalimoto awo n'kulandira masheya m'kampani yoyendetsa mabasiwo, PioTrans, imene inayamba kuyendetsa mu 2011 n'kumalipidwa pa kilomita. Ku Kigali, mu 2013, mzinda unagawa njira zonse kwa oyendetsa atatu okha, mmodzi mwa iwo n'kukhala mgwirizano wa makopaletivi a eni maminibasi omwe analipo kale. Khadi la Tap&Go linabwera pambuyo pake, mu 2015. Anayamba akonza za eni, khadi linadzapeza nyumba yomangidwa kale.

Akuluakulu akamamva zonsezi amati, ife tinaziona kale. N'zoona. Kunali United Transport Malawi, imene Stagecoach ya ku Scotland inaigula mu 1989 n'kuisiya mu 1997, kenako Shire Bus Lines. Kunali mabasi a mumzinda okhala ndi nthawi yake, ena osanjikiza, kondakitala ali ndi kamakina kotulutsa tikiti pachifuwa, ndi oyendera amene ankakwera panjira kudzaona ngati aliyense ali ndi tikiti. Koma okamba nkhaniyi amaiwala mizere italiitali ya pasiteji, ndi kuti basi ikakudutsa yodzadza unkadikira mpaka miyendo kuwawa. Maminibasi sanalande malo mwa matsenga. Anabwera chifukwa anthu anatopa kudikira. Ndipo poti inali kampani imodzi, itagwa zonse zinagwera limodzi. Sindikulakalaka kubwerera kumeneko. Ubwino wa bungwe ngati la ku Hamburg ndi wakuti eni amakhala ambiri, wina akalephera njira yake imapatsidwa kwa wina, tikiti ya wokwera osasintha.

Funso ndi lakuti bungwelo likhale la yani. Tili nalo kale la eni maminibasi, MOAM, ndipo kale linkalengeza mitengo, mpaka bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC linanena kuti zimenezo n'zosaloledwa. Pamenepo ine ndili mbali ya CFTC. Ogulitsa akakhala okhaokha m'chipinda n'kugwirizana mtengo, wogula sapindula. Koma chotsatira chake n'chakuti lero mtengo amaukonza ndi kondakitala poyang'ana kumwamba ndi nsapato zimene wavala wokwera. Ku Hamburg komwe, kuyambira 1996 eni ake a HVV si makampaninso. Ndi boma la mzindawo pamodzi ndi zigawo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo makampani amangogwira ntchito imene apatsidwa. Kwathu kuno ndiye kuti khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikhale pansi ndi makhonsolo a boma la Blantyre, Chiradzulu ndi Thyolo, chifukwa mayi wobwera ndi kabichi kuchokera ku Bvumbwe sadziwa n'komwe kuti wadutsa malire. Pakali pano a Road Traffic amapereka ziphaso, a MERA amaika mtengo wa mafuta, khonsolo imayang'anira masiteji, apolisi amaima pamsewu. Aliyense ali ndi kachidutswa kake. Ulendo wathunthu wa munthu, kuchoka pakhomo kukafika kuntchito, ulibe mwini.

Nanga sitima? Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, ndipo mu 1935 inafika ku Salima. Limbe anakula chifukwa cha njanji. Tsiku lililonse timadutsa pansi pa mlatho wake pafupi ndi Clock Tower osaganizako kuti pamwamba pathupo pali njira ina yolumikiza Limbe ndi tauni, yodzera kumafakitale, yopitirira ku Chirimba mpaka ku Lirangwe, ndipo kummwera yofika ku Luchenza. Siteshoni ya Blantyre ili pafupi ndi depoti ya Wenela, malo amene wokonza mizinda aliyense angawasirire. Koma tisadzinamize. Kuyambira 1999 njanjiyi ili m'manja mwa kampani ya CEAR, ndipo ndalama ya njanji m'dziko muno ili pa katundu, makamaka malasha a ku Moatize odutsa pa Nkaya kupita ku Nacala. Njirayo ndi imodzi, sitima ziwiri sizingapatukirane paliponse. Sitima ya anthu yochoka ku Limbe kupita ku Balaka ndi ku Nayuchi si ya tsiku lililonse, ndipo ndi ya apaulendo ndi a geni, osati ya munthu wofuna kufika kuntchito 7 koloko.

Ngakhale mawa wina atabweretsa sitima ya m'mawa ndi madzulo, ndani angaikwere? Anthu ambiri sakhala pafupi ndi siteshoni. Wa ku Machinjiri akwere minibasi kukafika ku njanji, alipire sitima, atsike alipirenso minibasi ina. Ameneyo angokwera minibasi mpaka kufika. Sitima ya mumzinda imadzadza pokhapokha mabasi akamaithira anthu, ndipo mabasi amaithira anthu pokhapokha kusintha kukakhala kwaulere. Choncho amene amati tiyambe tapeza sitima, za tikiti imodzi tidzaona, ayambira kumchira.

Tsopano za ndalama, poti apa ndi pamene maloto ambiri a pa Facebook amafera. Ku Zürich matikiti sakwanira kulipira zonse, ndipo chotsalacho amagawana pakati boma la chigawocho ndi makhonsolo. Germany inayambitsa Deutschlandticket mu Meyi 2023, tikiti ya pamwezi yokwerera mabasi ndi sitima za m'madera m'dziko lonse, pa mtengo wa mayuro 49, umene unakwera kufika 58 mu 2025. Kuti zitheke, boma lalikulu limaikapo mayuro 1.5 biliyoni pachaka, zigawo nazonso 1.5 biliyoni. Khonsolo imene ikuvutika kuchotsa zinyalala pamsika wa Limbe ilibe ndalama yotere. Onjezani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe mafuta, matayala ndi zipangizo zonse za galimoto timagula kunja. Mtengo woikidwa mu Januwale ukhoza kukhala nthabwala pofika Juni. Pangafunike kuumangirira ku mtengo wa mafuta, kuti MERA ikasintha, aliyense adziwe kuti tikiti isintha ndi zingati, pokwera ndi potsika pomwe. Pajatu mafuta akatsika mtengo makondakitala amakhala sanamvere wailesi.

Popanda thandizo la boma, kusintha galimoto mwaulere kuli ndi wolipira wake. Mbali ina ingachokere kwa oyenda pansi aja atayamba kukwera, ndi ku mafuta amene amathera m'mipikisano ndi m'kuzungulirazungulira posaka anthu. Koma mbali ina, tinene zoona, ingachokere kwa wokwera kamodzi. Wa ku Ndirande wopita m'tauni angawonjezere pang'ono kuti wa ku Bangwe wopita ku Chirimba apume. Ine ndikuona kuti n'chilungamo, poti palibe anasankha kuti mzinda ukhale wa mitu iwiri. Kaya a ku Ndirande angavomere mwakachetechete, imeneyo ndi nkhani ina. Palinso oitanira, amene boma la Bingu wa Mutharika linawaletsa koma anabwerera chifukwa analibe kwina kopita. Minibasi yonyamuka pa nthawi siifuna woitanira. Ena angasanduke ogulitsa matikiti ndi oyang'anira mizere, koma si onse, ndipo otsalawo ndi anyamata amphamvu odziwa siteji kuposa wina aliyense.

Nditapatsidwa mpata woyesa, sindingayambe ndi mzinda wonse. Ndingatenge Highway, kuwonjezerapo njira imodzi ya ku Limbe ndi imodzi ya m'tauni, mwachitsanzo Bangwe ndi Chirimba zomwezi. Eni ofuna okha ndi amene alowe, magalimoto awo apakidwe chizindikiro, ndipo apatsidwe malo awoawo pasiteji kuti asamalimbane ndi enawo. Tikiti ikhale ya pepala, yodindidwa nthawi, yogwira ntchito ola limodzi ndi theka, yogulidwa pa kabenchi ngati mmene timagulira mayunitsi. Dalaivala ndi kondakitala akhale pa malipiro odziwika. Mwini galimoto alipidwe pa maulendo amene galimoto yake yayenda, owerengedwa pa masiteji onse awiri ndi anthu osadziwana.

Ndipo ndalamayo izituluka madzulo a tsiku lomwelo. Makampani a ku Zürich akhoza kudikira mwezi chifukwa ali ndi mabanki kumbuyo kwawo. Mwini minibasi imodzi wa ku Namiyango amagula mafuta a mawa ndi ndalama ya lero, ndipo ngongole ya matayala ikumudikira Loweruka. Apa ndi pamene Mpamba ndi Airtel Money zingagwire ntchito yeniyeni, kutumiza gawo la mwini aliyense pofika 8 koloko usiku, limodzi ndi uthenga wosonyeza maulendo amene awerengedwa. Tsiku loyamba limene uthengawo udzachedwe mpaka m'mawa, bambo uja adzaimbira kondakitala wake kuti ayambenso kutolera ya pamanja.